Zirconia: Mmene Kasanjidwe ka Maatomu Kamalamulira Magetsi

Aliyense amene anadutsapo pa Zalewa anaziona nsanja zachitsulo zonyamula mawaya ochokera ku Nkula, pa mtsinje wa Shire, kumene makina oyamba anayamba kupukusa magetsi mu 1966. Maso a anthu ambiri amathera pa mawayawo. Koma pamene waya wakumana ndi nsanja pamalendewera timbale totungidwa pamodzi, tina tagalasi, tina tadothi lowotcha. Ntchito ya waya ndi kudutsitsa magetsi. Ntchito ya timbaleto ndi kuwatsekereza kuti asatsikire m'chitsulo n'kukapha mbuzi imene ikudya msipu pansi pake. Chipangizo chilichonse chamagetsi, kuyambira tochi mpaka foni, chimadalira zinthu za mitundu iwiriyi: zolola magetsi ndi zowakana.

Nanga chimachititsa n'chiyani kuti china chilole, china chikane? Ambiri angayankhe kuti zimatengera chimene chinthucho chapangidwa nacho, kuti kopa amalola pamene galasi limakana. Yankholi n'loona, koma n'loperewera. Ana amene anaswapo batire la tochi amakadziwa kamtengo kakuda kamene kamakhala pakati pake. Kamtengoko n'ka kaboni, ndipo magetsi amadutsamo bwinobwino. Dayamondi nayenso ndi kaboni yekhayekha, koma magetsi sadutsamo n'komwe. Kaboni wake ndi yemweyo, chasiyana ndi mmene tizidutswa take tasanjidwira mkati.

Mutu uno ukufotokoza za zirconia, ufa woyera umene sukoma m'maso kuposa laimu, koma umene umasintha khalidwe lake pa nkhani ya magetsi malinga ndi mmene mkati mwake mwasanjidwira, makamaka ukapangidwa kukhala tinthu tating'ono kwambiri.

Mulu wa manachesi

Chinthu chilichonse chimapangidwa ndi tizidutswa totchedwa maatomu. Ndi tating'ono moti pa milimita imodzi ya rula ya mwana wasukulu pangandandalike maatomu mamiliyoni angapo. Atomu iliyonse ili ndi phata lolemera pakati, ndipo kunja kwake kuli tinthu topepuka totchedwa maelekitironi. Magetsi amene amayenda m'waya ndi maelekitironi amenewa akamasuntha molowera mbali imodzi.

M'zinthu zambiri zolimba maatomu sakhala chisawawa. Amasanjika mwadongosolo lobwerezabwereza, kumanja ndi kumanzere, kutsogolo ndi kumbuyo, m'mwamba ndi pansi. Chinthu chotere chimatchedwa kirisitalo. Kambewu ka mchere ndi kirisitalo, ndipo mukakayang'anitsitsa mudzaona kuti kali ndi ngodya zooneka bwino; ngodyazo zimachokera ku mizere ya maatomu imene maso sangaione.

Anthu a ku Neno ndi ku Mwanza sangavutike kumvetsa zimenezi, chifukwa miyezi yozizira ikafika manachesi amadzaza m'mphepete mwa msewu. Wogulitsa wina amawasanja m'kireti, lililonse pamwamba penipeni pa linzake. Wina amaunjika mulu, lililonse n'kukhala m'kadzenje ka pakati pa amene ali pansi pake. Zipatso n'zomwezo, koma milu iwiriyo si yofanana: nachesi limodzi limagundana ndi anzake ochuluka mosiyana, mipata ya pakati imasiyana kukula, ndipo mulu wina umagumuka msanga kuposa unzake. Mawu akuti kasanjidwe m'mutu uno akunena zimenezi: atomu iliyonse yazunguliridwa ndi anzake angati, ali patali bwanji, ndipo ali mbali iti.

Kumene zirconia amachokera

Zirconia ndi mgwirizano wa maatomu a mitundu iwiri, a chitsulo chotchedwa zirconium ndi a okosijeni, mpweya womwe timapumawu. Pa atomu imodzi ya zirconium pamakhala maatomu awiri a okosijeni. Chitsulochi anachizindikira mu 1789 ndi Martin Heinrich Klaproth wa ku Germany, pamene ankafufuza mwala wotchedwa zircon, ndipo mpaka lero zirconia wambiri amachokera ku mwala womwewo.

Zircon si mlendo m'Malawi muno. Ku Thambani, m'boma la Mwanza, lomwe Neno inali mbali yake mpaka 2003, miyala ya m'mapiri ili ndi zircon, ndipo kampani ya Mkango Resources inafufuzako mwalawu pamodzi ndi uranium ndi niobium. Pa phiri la Malosa ku Zomba pamapezeka makirisitalo a zircon amene osonkhanitsa miyala kunja amawadziwa bwino. Alinso mumchenga wolemera wa ku Makanjira m'boma la Mangochi. Amene amasefa golide m'chigwa cha Lisungwi amadziwa kuti mchenga wamba ukapita ndi madzi, pansi pa beseni pamatsala kamchenga kolemera. Zircon ali m'gulu la miyala imene imatsala chotero, chifukwa amalemera kuposa mchenga wamba ndipo safumbutuka msanga. Kupirira kwake n'kodabwitsa: timbewu ta zircon ta ku Jack Hills ku Australia tili ndi zaka pafupifupi 4.4 biliyoni, ndipo ndi tizidutswa takale kwambiri ta dziko lapansi timene anthu anatipeza.

Mayiko amene amakumba zircon wambiri ndi Australia ndi South Africa, ndipo Mozambique nayo imatulutsa ku mgodi wa Moma. Wochuluka amathera m'matailosi ndi m'masinki, kumene amathandiza kuti zioneke zoyera. Gawo lina ndi limene amalisungunula ndi soda wowotcha kapena m'ng'anjo yamagetsi kuti achotse silika amene ali m'mwalawo, n'kutsala zirconia.

Mitundu itatu ya kasanjidwe

Zirconia wopanda chosakaniza ali ndi mitundu itatu ya kasanjidwe, ndipo chimene chimasankha ndi kutentha. Kuti timvetse, tiganize za kabokosi kamodzi kongoyerekezera kamene kamabwerezedwa m'kirisitalo yonse.

Pa kutentha kwa masiku onse mpaka madigiri pafupifupi 1,170, kabokosiko kamakhala kopendekeka, mbali zake zosalingana. Akatswiri amati monoclinic. Ife tizingoti kasanjidwe kopendekeka. Mmenemu atomu iliyonse ya zirconium imazunguliridwa ndi maatomu 7 a okosijeni, ena pafupi, ena patali pang'ono. Ndi mmenenso zirconia amapezekera m'chilengedwe, m'mwala wosowa wotchedwa baddeleyite, umene unkakumbidwa ku Phalaborwa ku South Africa.

Kutentha kukapitirira madigiri 1,170, kabokosi kamawongoka, ngodya zonse n'kukhala zolunjika, koma mbali imodzi imatalikirapo pang'ono. Aka ndi kasanjidwe kotalika, kamene akatswiri amati tetragonal. Tsopano zirconium aliyense ali ndi okosijeni 8, anayi pafupi, anayi patali pang'ono. Pa madigiri pafupifupi 2,370 mbali zonse zimalingana ndipo okosijeni 8 aja amakhala pa mtunda wofanana. Aka ndi kasanjidwe kolingana, kapena kuti cubic. Pa madigiri cha m'ma 2,700 zirconia amasungunuka.

Vuto limabwera pozizira. Kasanjidwe kotalika kakamabwerera ku kopendekeka, chinthu chonse chimafufuma ndi magawo 3 mpaka 5 pa 100 aliwonse. Zikumveka zochepa, koma kwa chinthu cholimba chosapindika n'zokwanira kuching'amba. Kwa zaka zambiri aliyense woumba chiwiya cha zirconia weniweni ankachitulutsa m'ng'anjo chili ming'alu yokhayokha.

Chifukwa chake magetsi sadutsa

Zirconium ndi chitsulo, ndipo payekha amadutsitsa magetsi. Koma akagwirizana ndi okosijeni, atomu iliyonse ya zirconium imapereka maelekitironi 4, ndipo okosijeni aliyense amalandira 2 n'kuwagwira zolimba. Malo onse a maelekitironi kumbali ya okosijeni amadzaza, osasiya poti wina n'kusunthira. Malo opanda kanthu alipo, kumbali ya zirconium, koma kuti elekitironi ikafikeko imafunika kulandira mphamvu yochuluka pa nthawi imodzi. Pakati pa malo odzaza ndi malo opanda kanthu palibe poima. Kusiyana kumeneku tikutche mpata wa mphamvu.

Mpatawu amauyeza ndi muyeso wotchedwa electronvolt, mwachidule eV. M'kopa mulibe mpata, n'chifukwa chake ndi wabwino popanga waya. Mu silicon, amene amapangira masola a pamadenga, mpata ndi 1.1 eV. Kuwala kumene maso amaona kumanyamula mphamvu ya pakati pa 1.6 ndi 3.2 eV, kotero dzuwa likawomba pa sola maelekitironi amadumpha mosavuta, batire n'kuyamba kudzaza. Mu zirconia mpata uli cha pakati pa 5 ndi 6 eV. Ngakhale dzuwa la mu Okutobala la ku Lisungwi silingadumphitse elekitironi pamenepo. Kuwala kumangodutsa kapena kubwerera, osamezedwa. N'chifukwa chake ufa wa zirconia ndi woyera, ndipo kirisitalo yake yaikulu imaonekera ngati madzi. Timiyala tonyezimira ta pa ndolo ndi mphete zotsika mtengo nthawi zambiri ndi zirconia wa kasanjidwe kolingana, amene njira yomupangira inakhwimitsidwa ku Lebedev Physical Institute ku Moscow ndipo anafika pamsika mu 1976.

Kodi mpatawu umasintha kasanjidwe kakasintha? Umasintha, chifukwa malo amene elekitironi ingakhale amatengera kutalikirana kwa maatomu ndi mbali imene anzake ali. Koma apa ndi pofunika kusamala. Kusiyana kwa mpata pakati pa mitundu itatu ija n'kochepa, kosafika 1 eV, ndipo ofufuza amapeza manambala osiyana malinga ndi njira imene ayezera. Mitundu yonse itatu imakana maelekitironi. Amene angayembekezere kuti zirconia asanduka waya chifukwa chosintha kasanjidwe, monga zilili pakati pa dayamondi ndi kamtengo ka m'batire, adzakhumudwa. Kusintha kwakukulu kuli pa zinthu zina ziwiri: kuchuluka kwa magetsi amene zirconia angathandize kusunga, ndi zimene zimachitika maatomu ena akasowa pamalo pake. Zonse ziwirizi zimafuna kasanjidwe kotalika kapena kolingana, kamene mwachibadwa kamapezeka pa moto woopsa wokha. Funso ndiye n'lakuti, tingakasunge bwanji kasanjidwe ka pamoto m'chinthu chozizira?

Chinthu chikachepa kwambiri

Njira imodzi ndi kuchepetsa. Nanomita ndi milimita imodzi yogawidwa ka 1 miliyoni. Tsitsi limodzi la munthu limanenepa mananomita pakati pa 50,000 ndi 100,000. Zinthu zimene kukula kwake sikupitirira mananomita 100 ndi zimene zimatchedwa za nano.

Tibwerere ku manachesi. Asanjeni 10 m'litali, 10 m'lifupi, 10 m'mwamba. Onse ndi 1,000, ndipo mwa amenewa 488 ali kunja, oonekera. 512 okha ndi amene abisika mkati. Tsopano sanjani 100 mbali iliyonse. Onse ndi 1 miliyoni, koma akunja sakwana n'komwe magawo 6 pa 100. Mulu ukamachepa, gawo la akunja limakula. Atomu yakunja ili ndi mbali imodzi yopanda mnzake, kotero siikhazikika mofanana ndi yamkati. M'mwala waukulu maatomu akunja ndi ochepa moti alibe mawu. M'kanthu ka mananomita ochepa ndi ambiri, ndipo zimene zikuwakomera iwo ndi zimene kanthu konse kamatsatira.

Mu zirconia, maatomu amkati amakhazikika bwino m'kasanjidwe kopendekeka, koma akunja amakhazikika bwino m'kotalika. Mu 1965 Ronald Garvie anasonyeza kuti timbewu ta zirconia tikachepa kufika mananomita pafupifupi 30 kapena kutsika pamenepo, timakhala m'kasanjidwe kotalika ngakhale tili tozizira. Popanda kuthiramo kanthu, kukula kokha kumasankha kasanjidwe.

Garvie yemweyo, pamodzi ndi Richard Hannink ndi Terry Pascoe ku bungwe la CSIRO ku Australia, anaonetsa mu 1975 kuti kufufuma kuja, kumene kunkaswa ziwiya, kungasanduke chitetezo. M'chiwiya chimene timbewu take tatsekeredwa m'kasanjidwe kotalika, mng'alu ukangoyamba, timbewu ta kunsonga kwa mng'aluwo timatembenukira ku kopendekeka, timafufuma, n'kuufinya mng'aluwo kuti usapitirire. Pa chifukwa chimenechi zirconia lero amapangira mano oikirira ndi mipeni yosachita dzimbiri. Komabe chinyezi chimatha kuyambitsa kutembenuka komweko pang'onopang'ono popanda mng'alu, ndipo cha mu 2001 timipira ta zirconia mazana angapo toikidwa m'chiuno mwa odwala tinasweka, pambuyo poti fakitale ina ya ku France yasintha kawotchedwe kake.

Tinkhokwe ta m'foni

Wogulitsa foni akamakuuzani kuti iyi ndi ya 4GB RAM, akunena za memori imene foni imagwiritsa ntchito ikamayendetsa WhatsApp kapena kutsegula chithunzi. Memori imeneyi ndi tinkhokwe ta magetsi toposa 30 biliyoni pa kachidutswa kochepa ngati chikhadabo. Kankhokwe kalikonse ndi tizitsulo tiwiri toyang'anizana, pakati pake pali kakhungu ka chinthu chokana magetsi. Kakadzaza, foni imawerenga 1. Kakakhala kopanda kanthu, imawerenga 0.

Kakhungu ka pakatiko sikangokhala chotchinga. Mbali imodzi ikalandira maelekitironi, maatomu a m'kakhungu amasendera pang'ono: a zirconium, amene anapereka maelekitironi awo, amakokedwera kumbali imeneyo, ndipo a okosijeni amakankhidwira kwina. Kusendera kumeneku kumachepetsa kukankhana kwa maelekitironi amene alowa kale, motero ena ambiri amapeza malo. Maatomu akamasendera mosavuta, kankhokwe kamasunga zambiri.

Mphamvu yothandiza kusungayi ili ndi nambala yake. Ya mpweya ndi 1. Ya silika, amene opanga makompyuta anamudalira zaka zambiri, ndi 3.9. Ya zirconia wopendekeka ndi pafupifupi 20. Ya zirconia wotalika imapitirira 30, ndipo imatha kufika cha m'ma 40. Maatomu ndi omwewo, koma m'kasanjidwe kotalika okosijeni ali ndi ufulu wosendera umene alibe m'kopendekeka, mmene amangika mothina. Apa ndi pamene kasanjidwe kamasanduka ndalama: kusunga kowirikiza kumatanthauza kuti kankhokwe kangachepetsedwe koma n'kumagwirabe ntchito, ndipo pa kachidutswa komweko pangakwane tambiri.

Mwayi wake n'ngwakuti kakhunguko kamakhala kopyapyala kosafika mananomita 10, ndipo pa kuchepa kotere zirconia amasankha yekha kasanjidwe kotalika. Koma kakhungu sikakhala kirisitalo imodzi. Ndi timbewu tambiri togundana, ndipo m'malire a timbewuto dongosolo limasokonekera, maelekitironi n'kumapeza podonthera. Pofuna kutseka njira zimenezi, opanga memori, kuyambira cha m'ma 2006, amaika kamzere kopyapyala zedi ka alumina pakati pa zigawo ziwiri za zirconia. Ngakhale zili choncho tinkhokwe timadonthabe, kotero foni imatidzazanso kambirimbiri pa sekondi iliyonse. Batire likatha, zonse za mu RAM zimafufutika.

Malo osiyidwa dala

Njira yachiwiri yosungira kasanjidwe ka pamoto ndi kusakaniza. Chimene amathiramo kawirikawiri ndi yttrium, mmodzi mwa gulu la zitsulo zosowa zimene anthu akuzifuna ku Kangankunde m'boma la Balaka ndi ku Songwe Hill ku Phalombe. Akathira pang'ono, cha m'ma magawo 3 pa 100, zirconia amakhala wotalika. Akafika magawo 8, amakhala wolingana.

Yttrium amakhala pamalo pa zirconium, koma iye amapereka maelekitironi 3 okha m'malo mwa 4. Maatomu awiri a yttrium akalowa, maelekitironi awiri amaperewera, ndipo amenewo ndi chakudya cha okosijeni mmodzi. Choncho okosijeni mmodzi amasowa, malo ake n'kutsala opanda kanthu. Mu mulu wothinana wa manachesi palibe limene lingasunthe, koma mukachotsa limodzi mkati, loyandikana nalo lingagubudukire pamalopo, lina n'kulowa pamene ilo lachoka. Ndi mmenenso okosijeni amayendera mu zirconia wosakaniza. Ndipo popeza okosijeni aliyense wanyamula maelekitironi awiri owonjezera, kuyenda kwake ndi magetsi ndithu. Chinthu chimene chimakana maelekitironi oyenda okha chimalola magetsi onyamulidwa ndi maatomu athunthu. Chofunika ndi kutentha, chifukwa atomu siingadutse pakati pa anzake pokhapokha onse akunjenjemera mokwanira.

Woyamba kupindula nazo anali Walther Nernst wa ku Germany, amene mu 1897 anapanga nyali ya kamtengo ka zirconia wosakaniza ndi yttrium. Inkawala moyera bwino, koma inali ndi khalidwe lachilendo: kuti iyake, kamtengoko kankayenera kuyamba katenthetsedwa, ndipo pa nyali zoyambirira ankachita zimenezi ndi lawi la moto. Nyaliyi sikanapikisana ndi mababu a waya wa tungsten atabwera, ndipo inazimiririka.

Nzeru yake ndiyo sinafe. Pansi pa galimoto zambiri za petulo zimene zimadutsa pa Zalewa, pa paipi ya ekizozi pafupi ndi injini, pamangidwa kachitsulo kooneka ngati pulagi, kali ndi mawaya kumbuyo. Amakaniko amati sensa ya okosijeni. Kampani ya Bosch ndiyo inaipanga, ndipo inayamba kuikidwa m'galimoto za Volvo mu 1976. Mkati mwa sensa ya mtundu woyambirira muli kachibekete ka zirconia kotsekeka kumapeto kumodzi, kopakidwa platinum mkati ndi kunja. Kunja kwake kumadutsa utsi, mkati mwake muli mpweya wamba. Kakatentha kupitirira madigiri 300, okosijeni amayamba kuyenda m'khoma la kachibeketeko, kuchoka kumene ali wambiri kupita kumene ali wochepa, ndipo kuyendako kumabala mphamvu ya magetsi yoyezeka. Injini ikamalandira petulo wochuluka, utsi umakhala wopanda okosijeni ndipo sensa imatulutsa pafupifupi 0.9 volt. Petulo akachepa, imatsika kufika cha pa 0.1. Kompyuta ya galimoto imawerenga nambalayi mosalekeza n'kumawonjezera kapena kuchepetsa mafuta, kuti pa gawo limodzi la petulo pazikhala magawo 14.7 a mpweya poyeza kulemera. Sensa ikafa, kapena ikakutidwa ndi mwaye wa oilo, kompyuta imayamba kungoganizira, ndipo kawirikawiri imathira mafuta ochuluka. Mwini galimoto amangodandaula kuti ikumwa kwambiri masiku ano, osadziwa kuti nkhani yagona pa kadothi kochepa ngati chala.

Njira yomweyi, ikakuzidwa, imapanga magetsi enieni. Pali zipangizo zimene mbali imodzi ya khoma la zirconia amadutsitsako mpweya, mbali inayo gasi, pa madigiri 700 mpaka 1,000. Okosijeni amawoloka khomalo kukakumana ndi gasi, ndipo maelekitironi, poti khoma limawakana, amakakamizika kuzungulira kudzera m'waya wakunja, kumene amagwira ntchito. Khoma likapyapyala, okosijeni amawoloka msanga ndipo kutentha kofunika kumatsika. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene ofufuza amalimbikira kupanga zirconia wa nano.

Ufa wakuda, ndi kasanjidwe kachinayi

Malo opanda okosijeni angapangidwenso popanda yttrium, pongomulanda zirconia okosijeni wina pa moto. Zikatero maelekitironi amene okosijeniyo akanatenga amatsalira pamalopo, ndipo amakhala pa mphamvu ya pakatikati pa mpata uja, pamene poyamba panalibe poima. Elekitironi yotere siifunanso 5 eV kuti idumphe. Kuwala wamba kumaikwanira. Ufa umene unali woyera umayamba kumeza kuwala, n'kusanduka wotuwa kapena wakuda. Ofufuza akuyesa ufa wotere pa ntchito yophwanya utoto ndi mankhwala m'madzi oipa pogwiritsa ntchito dzuwa. Kunena zoona, ntchito imeneyi idakali ya m'chipinda chofufuzira, ndipo pali zinthu zina zotsika mtengo zimene zimaigwira bwino kuposa zirconia.

Chachikulu kuposa pamenepa chinatulukira ku Dresden ku Germany. Zirconium ali ndi mbale wake wotchedwa hafnium, amene amafanana naye kwambiri moti anabisala m'mwala wa zircon mpaka 1923, pamene Dirk Coster ndi George de Hevesy anamupeza ku Copenhagen. Mu 2011 Tim Böscke ndi anzake analengeza kuti kakhungu ka hafnium ndi okosijeni kothiramo silicon pang'ono, ka mananomita pafupifupi 10, kakapanikizidwa pakati pa zitsulo pozizira, kamatenga kasanjidwe kena, kamene akatswiri amati orthorhombic. M'kasanjidwe aka maatomu ena a okosijeni akasendera mbali imodzi sabwerera, ngakhale magetsi atazimitsidwa. Amabwerera pokhapokha atakankhidwa ndi magetsi ochokera mbali inayo. Posakhalitsa zinadziwika kuti kusakaniza hafnium ndi zirconium theka ndi theka kumachita zimenezi bwino kwambiri. Okosijeni akakhala m'mwamba ndi 1, akakhala pansi ndi 0, ndipo palibe chodontha. Kwa ife ozolowera kuthima kwa magetsi, memori yosaiwala batire likatha siifuna kutsatsa malonda. Makampani akuyesetsabe kuti tikhungu totere tizipirira kulembedwa ndi kufufutidwa kambirimbiri tisanatope.

Amadziwa bwanji zimene zili mkati?

Munthu angafunse kuti, poti maatomu saoneka, ndani anawerenga kuti apa pali 7, apo pali 8? Chida chachikulu ndi X-ray, kuwala komwe kuja amajambulira mafupa kuchipatala. Mu 1912 Max von Laue anapeza kuti X-ray ikawomba kirisitalo imabalalika molowera mbali zodziwika, ndipo chaka chotsatira William Henry Bragg ndi mwana wake Lawrence anasonyeza mmene mbali zimenezo zimaululira kutalikirana kwa mizere ya maatomu. Kasanjidwe kalikonse kali ndi chidindo chake.

Wofufuza amapaka ufa pa kagalasi, n'kukaika m'makina amene amazungulira pang'onopang'ono akuyeza kuwala kobwerera. Pa kompyuta pamatuluka mzere wokhala ndi nsonga. Pa makina ofala, ogwiritsa ntchito X-ray yochokera ku kopa, zirconia wopendekeka amaonetsa nsonga ziwiri zazitali, ina pafupi ndi 28, ina pafupi ndi 31 pa muyeso wa ngodya. Wotalika amaonetsa imodzi pakati pawo, pafupi ndi 30. Ufa umodzi womwewo ukagawidwa patatu n'kuwotchedwa mosiyana, nkhani yonse ya m'mutu uno imaoneka ndi maso. Wowotchedwa pa madigiri 400 kapena 500 nthawi zambiri umatulutsa nsonga imodzi yapakati, yonenepa, chifukwa timbewu tidakali tating'ono. Pa madigiri 700 nsonga ziwiri zija zimayamba kumera m'mbali mwake. Pofika 1,000 timbewu tagwirana n'kukula kupitirira mananomita 30, nsonga yapakati yatsala pang'ono kutha, ndipo ufa wabwerera ku kasanjidwe kopendekeka.

Pamene X-ray imavutika ndi posiyanitsa kasanjidwe kotalika ndi kolingana. Kutalika kwa mbali imodzi kuja n'kochepa, pafupifupi magawo 2 pa 100, ndipo m'timbewu ta nano nsonga zimanenepa mpaka kuphimbana. Zikatero ofufuza amawalitsa ufawo ndi laser n'kuyeza mmene maatomu akunjenjemerera, njira yotchedwa ndi dzina la C. V. Raman wa ku India, amene anaitulukira mu 1928. Pa muyeso umenewu zirconia wolingana amaonetsa nsonga imodzi yotakata, wotalika amaonetsa 6, ndipo wopendekeka amaonetsa zoposa 10.